Ndalama ya Agogo Zondiwe

Wakuba wovomera mlandu usanamufunse ine ndimamukayikira. Pa zaka zimene ndagwira ntchito yofufuza milandu pa boma ku Lundazi kuno, ndaona anthu akukana mbuzi chingwe chili m'manja, mbuziyo ikulira pambali pawo. Ndiye atandibweretsera Darius Mtonga mu ofesi m'mawa uja, iye n'kuyamba kulankhula ndisanatsegule n'komwe pakamwa, mtima wanga unakana.

"Ndine n'natenga, a Sajeni. Lembani chabe nisaine."

Anali bambo wamng'ono, woonda, wamaso ofiira. Kufiira kwa kachasu ndimakudziwa, ndipo uku sikunali kumeneko. Kunali kwa munthu amene tulo tinamuthawa kalekale.

"Munatenga chiyani?" ndinamufunsa.

"Ndalama ya adada. Yagolide ija."

"Ili kuti?"

"N'nagulitsa ku Chipata."

"Kwa ndani?"

"Munthu chabe wa pa siteshoni. Dzina sinidziwa."

"Nanga zimene anakupatsani?"

"N'namwela."

Amene anamusumira anali bambo ake omubala, a Cornelius Mtonga a ku Magodi. Anzanga mu ofesi anali okondwa, poti mlandu wovomera sutopetsa miyendo. Ankati sabata yomweyo apite kukhoti, ndipo kwa chinthu cha mtengo ngati chimenecho, ndende yake si ya masiku ochepa. Darius atatembenuka kuti abwerere m'chitolokosi anaima pakhomo.

"A Sajeni Carol, nipempha chimodzi. Kumudzi musapiteko. Mkazi wanga wataya mwana posachedwa, musamuvutitse."

Mukafuna kuti ndipite kwinakwake, mundiuze kuti ndisapiteko. Ndinatenga njinga yamoto.

* * *

A Cornelius anandilandira pakhonde atavala jekete ndi magalasi akuda. Anali mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, ndipo ngakhale moni wawo unkamveka ngati akuitana mayina m'kalasi. Magalasiwo anavala chifukwa anali atangobwera kumene kuchokera ku Lusaka, kumene madokotala anawachotsa ng'ala m'maso onse awiri.

Anatulutsa kabokosi kamlombwa n'kukaika patebulo ndi manja awiri. M'katimo munali ndalama zachitsulo zakale, iliyonse m'kansalu kake: makobidi oboola pakati a nthawi ya atsamunda, matiki, mashileni asiliva, zina za kwa Apwitikizi zimene anagula kwa amalonda a m'malire. Anakhala akuzitolera kuyambira ali mnyamata. Pakati penipeni panali kansalu kofiira, kopindidwa bwinobwino, kopanda kanthu.

"Izi zonse ni ana chabe," anatero. "Mayi wawo anali apa."

"Inali yotani?"

Ndinalakwa kufunsa, chifukwa phunziro linayamba. Koma ndivomere kuti linandigwira mtima.

"Paundi yagolide ya Mabunu, ya chaka cha 1892. Kutsogolo mutu wa mkulu wandevu. Kumbuyo, pa chishango cham'munsi, kangolo. Tsono mvetsetsani, mwana wanga. Ndalamazi anazisula ku Jelemani, ndipo mmisili wake ngolo ya Mabunu anali asanaionepo. Anaijambula na mitengo iwili yokokela, ngati ya hachi, pamene ngolo ya ng'ombe ili na mtengo umodzi. Mabunu anakwiya, nazichotsa msanga. N'chifukwa chake n'zosowa. Agogo anga a Zondiwe anayenda pansi kuchoka kuno mpaka ku migodi ya ku Joni. Anabwelako na chifuwa, na ndalama imeneyo atasokelela m'lamba. Njala inabwela, sanagulitse. Msonkho unavuta, sanagulitse. Golide sachita dzimbili, a Sajeni. Mungamukwilile zaka zana, adzatuluka ali mbee ngati dzulo."

"Munkafuna kudzamusiyira Darius?"

Anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Uja? Uja anagulitsapo njinga yanga ali mu giledi naini. N'nanena pamaso pa onse kuti ndalamayi idzamudumpha, idzapita kwa mdzukulu wanga woyamba wamwamuna. Ndiye onani. Mdzukuluyo wabadwa ine nili m'chipatala, wamwalila ine nikali komweko, osamuona, osamutcha dzina. Nibwela kuno, ndalamanso palibe. Anthu anamuona Darius akukwela basi ya ku Chipata, thumba la thalauzi lili tuu. Mufunanso umboni wanji?"

Loko wa kabokosiko anali wosathyola. Ndinafunsa za kiyi.

"Nimabisa m'wailesi yakale ija, mumene mukhala mabatile. Palibe adziwa, koma iye, chifukwa anali mwana wofufuzafufuza."

Amuna amandimvetsa chisoni. Munthu wakhala ndi mkazi zaka makumi anayi, mkaziyo ndiye amapukuta fumbi pa wailesiyo, koma mwini wake ali ndi chikhulupiriro chonse kuti palibe akudziwa. Ndinangoyang'ananso kansalu kofiira kaja. Wakuba wothamangira basi sapinda nsalu ngodya ndi ngodya, ndipo sasiya mashileni asiliva ali poyera.

Akazi awo, a Faides, amene pamudzipo amawatcha NyaZgambo, anabwera ndi madzi akumwa m'kapu, nagwada.

"Monile, mama," anandilonjera m'Chitumbuka motsitsa mawu.

"Yewo, amama. Pepani ndi zovutazi."

A Cornelius anagunda tebulo ndi chala. "Nanena kale, ndipo nibwelezanso pamaso pa boma. Amene anagwila ndalama iyi sagonanso pansi pa denga langa. Kaya ni mwana, kaya ni ndani."

Madzi a m'kapu muja anatayikira pa nsapato yanga. NyaZgambo anapepesa, napukuta ndi nsonga ya chitenje chawo chobiriwira cha maluwa achikasu. Chitenjecho chinali chatsopano ndithu, koma mbali imodzi chinali chong'ambidwa kuchokera pamwamba mpaka pansi, ulusi uli lendelende.

* * *

Ku Lundazi munthu akafuna kugulitsa chakale, kaya simbi yamakala, kaya khobidi loboola, amayamba wafika kwa Laban. Ali ndi kashopu kokonza mafoni kuseri kwa msika, ndipo pakamwa pake sipatsekeka.

"Ba Sajeni! Ine nili kilini, ni mafoni chabe apa, onani mweka."

"Sindinabwerere iwe. Darius Mtonga anafika pano?"

"Mwana wa ba hedi? Anabwela, ee. Kamwana kake kenze kangomwalila so."

"Anabweretsa ndalama yagolide?"

"Kubweletsa?" Laban anaika pansi foni imene ankaitokosa. "Iyayi, mwasokoneza. Enze kufuna kugula."

"Kugula?"

"Kugula, mami. Ati nifuna paundi yagolide ya kangolo ka mitengo iwili, ya chaka chakuti. Nenze kuseka ine. Nati mudala, iyo ungaipeze pano pa Lundazi? Olo ku Lusaka ni mwayi. Ati nagulitsa ng'ombe yanga yolimila, ndalama nili nazo. Ananionetsa, thumba lili so. Ninamuuza kuti ng'ombe imodzi siingakwane olo theka, but sanamvele. Ninamupasa namba ya mwenye wina wa ku Chipata, wamene amasunga vakale. Anapita. Pobwela anapitila pano, nkhope yagwa. Ati kulibe."

"Anali ataledzera?"

"Darius? Analeka moba kuchokela pamene mkazi wake anatenga mimba. Tenze kumuseka kuti wakhala m'busa."

Ndinatuluka m'kashopumo mutu uli ziii. Thumba lotupa limene anthu anaona linali la ng'ombe yake yomwe. Munthu amene waba chinthu sagulitsa ng'ombe kuti akagule chinzake. Darius ankafuna kubweza ndalama m'kansalu kofiira bambo ake asanabwere. Ankadziwa kuti yatayika, ndipo ankadziwa kuti kumene ili siingabwerenso.

* * *

M'mawa mwake ndinabwerera ku Magodi, koma njinga ndinaisiya kusukulu n'kudzera kanjira ka kumunda, kuti a Cornelius asandione. Towela, mkazi wa Darius, ndinamupeza kuseri kwa nyumba yake akuswa mtedza. Anali mtsikana ndithu. Kutsogolo kwa bulauzi yake kunali madontho awiri onyowa, mkaka ukutulukabe wopanda woyamwa. Ndinakhala pansi n'kuyamba kumuthandiza kuswa.

"Anadwala chiyani mwana?"

"Chibayo, anatelo anesi. Anayamba kupuma mofulumila, tinathamanga naye kukiliniki, koma pofika anali atafooka kale."

"Pepa, m'bale wanga. Maliro anayenda bwanji?"

Anandiyang'ana modabwa. "Malilo? Anali asanathe mwezi. Simudziwa mwambo?"

Ndimaudziwa, ngakhale kwathu ku Chipata ulipo. Khanda lotere silikhala ndi maliro. Amuna sapitako, bokosi sakhoma, nyimbo saimba. Amayi akuluakulu okha amalikulunga, n'kupita nalo kuthengo patsinde pa msuku, n'kuliika m'dzenje losazama pamodzi ndi tonse timene linavala. Mayi wake amamuletsa kulira mokweza, ati angatseke mimba. Pobwerako palibe amene amakambanso za kumeneko, makamaka kwa amuna. N'chifukwa chake anzanga aamuna amene anayamba kufunsa za mlanduwu sanamve kanthu. Anafunsa amuna okhaokha.

"Uli ndi chithunzi chake?"

Anazengereza, kenako anatulutsa foni m'chitenje. Kamwana kanali gone chagada pabulangete, timanja tili m'mwamba, kachipewa kali kumutu, maso otseka. Pamimba pake panali pomangidwa kansalu kobiriwira ka maluwa achikasu. Pakati pa kansaluko, pamchombo penipeni, panali potukuka mozungulira, kukula kwake ngati chivindikiro cha botolo.

Ndinakumbuka mlongo wanga wamng'ono. Anabadwa ndi mchombo wotuluka, ndipo amayi anamumangirira khobidi pamimba kuti mchombowo ubwerere m'kati. Anamwino amaletsa, koma m'midzi amayi amachitabe.

"Towela, pansi pa kansaluka pali chiyani?"

Mtedza unagwa m'manja mwake.

"Musanifunse ine, a Sajeni. Chonde."

"Mulekeni mwana." Mawuwo anachokera kumbuyo kwathu. NyaZgambo anali ataima pangodya ya nkhokwe, khasu lili paphewa. "Ndine nkhatola. Ndine n'natenga, mama."

Anatula khasu nakhala pansi, miyendo atatambasula. Ankalankhula akuyang'ana zala za kumapazi, Chinyanja chikusakanikirana ndi Chitumbuka chawo.

"Muzukulu wane anabadwa na mchombo waukulu, akalila unali kutupa ngati dzila. Nati nimumange ndalama monga tichitila. Nayang'ana tindalama twa masiku ano, tukuda, tuchita dzimbili na thukuta chabe. Nati yayi, pa thupi la mwana uyu? Awiske Darius, amuna anga, zaka zonsezi akhala akuimba m'nyumba muja kuti golide sachita dzimbili, golide alibe litsilo, ndipo ni wa muzukulu. Nati ni yake kale, nibweleke chabe, mchombo ukalowa nibweza, iwo akali ku Lusaka. N'natsuka na madzi otentha. N'nang'amba chitenje changa chatsopano."

Towela ankalira mosatulutsa mawu, monga anamuphunzitsira.

"Tsiku lija kumsuku, ine ndine n'namukulunga. N'naimva ndalama m'manja mwanga, apa. Amayi anzanga sanadziwe kuti ni yagolide. N'kanamasula. Koma mama, mwana wopanda dzina, wopanda bokosi, wopanda nyimbo, awiske kulibe, asekulu, agogo ake aamuna, kulibe, apite chabe ngati kankhuku? Chimene mwana wavala sitivula. Manja anakana. N'namanganso mfundo yachiwili."

"Darius anadziwa liti?"

"Towela anamuuza. Anabwela kwa ine nati, amama, khalani chete. Adada akamva muchoka pano, mupita kuti pa ukalamba uno? Ndipo anthu azati ndalama yanu ndiyo yapha mwana. Ine n'nazolowela kale kukhala woipa pa nyumba ino." Anadzutsa mutu nandiyang'ana. "Mwana wane wagona m'selo chifukwa cha ine, ine nili kudya. A Sajeni, niuzeni zoona. Kodi ni ndalama ija inamupha?"

Pa ntchito yathu timaphunzira kusalonjeza zimene sitikudziwa. Ndinawauza zimene ndinkadziwa, kuti anamwino anati chibayo, ndipo chibayo chimagwira m'chifuwa, chimatenga makanda ambiri nyengo yozizira, omangidwa ndi osamangidwa omwe. Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti funsolo adzapita nalo kumanda.

"Amama, ine ndikhoza kukawauza a Mtonga. Koma zikhala bwino amve kwa inu."

Anadzuka, nakung'untha chitenje chong'ambika chija.

"Tiyeni," anatero.

* * *

A Cornelius anamvetsera ali pampando wawo wa pakhonde, kabokosi kali pamiyendo. NyaZgambo anagwada patali pang'ono n'kunena zonse, osasiyako, osadzikometsera.

"Ndiye kuti ili pansi," anatero a Cornelius. "Pa msuku uti?"

"Amuna sauzidwa, awiske Darius."

"Nafunsa kuti pa msuku uti!" Anaimirira, kabokosi n'kugwa, makobidi oboola aja n'kumwazika pakhonde ponse. "A Sajeni, dzenje lake ni losazama. Boma lingalole kukumba, si choncho? Golide saonongeka. Ili bwinobwino pamene paja."

Ndinakwiya, ndisaname. Koma ndinayankha mwaulemu.

"Njira yopempha ilipo, adada. Mukalimbikira, ndikakuthandizani kupempha. Koma amene akakumbe adzayenera kumasula mfundo ziwiri pamimba pa mdzukulu wanu. Musanaganize, taonani ichi."

Towela anali ataima pakona ya nyumba. Ndinamukodola, iye anabwera n'kugwada, napereka foni ndi manja awiri kwa apongozi ake. A Cornelius anavula magalasi akuda aja. Maso awo atsopano ankachita misozi ndi kuwala kwa dzuwa. Anaiyandikiza foniyo, naitalikitsa, naiyandikizanso. Madokotala a ku Lusaka anagwira ntchito yabwino, chifukwa anaona zonse. Chala chawo chinakhudza galasi pamene panali potukuka paja, n'kukhala pomwepo.

"Palibe ananionetsa," anatero.

"Simunafunse, apongozi," anatero Towela. "Munafikila ku bokosi."

Mawu amenewo akanawanena wina aliyense, bwenzi pakhomopo patabuka moto. A Cornelius anangokhala pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana makobidi omwazika aja, koma sanatole ngakhale limodzi.

"N'nanena ndekha kuti ni ya mdzukulu wanga woyamba," anatero. "N'nanena pamaso pa onse." Anatembenukira kwa akazi awo. "NyaZgambo, nyamuka pansipo. Ukawauze amayi anzako kuti mwana uja ali na dzina. Ni Zondiwe. Ngakhale sanimva, ukanene pa msukupo."

Kenako anandiyang'ana ine.

"Njinga yanu inganyamule anthu awili?"

* * *

Panjira ndinawauza a Cornelius za ng'ombe ija. Kutseka mlandu kunatenga kanthawi, ndipo akuluakulu anga anang'ung'udza kuti anthu a kumudzi amasewera ndi boma. Ndinawasiya ang'ung'udze. Dzuwa likupendeka, Darius anatuluka atagwira lamba ndi zingwe za nsapato m'manja. Ataona bambo ake pabenchi anaima, nkhope n'kuuma.

"N'navomela kale, adada. Mufunanso chiyani?"

"Amayi ako anena zonse."

Darius anatseka maso. "Ndiye mwawathamangitsa?"

"Ali kunyumba."

Anayang'anizana, wina ataima, wina atakhala. Ine ndinkayembekeza kupepesa, koma aphunzitsi akale aja mawu amenewo sawadziwa katchulidwe kake.

"Ng'ombe tizagula ina," anatero a Cornelius potsiriza.

"Ng'ombe si kanthu."

"Pachithunzi paja anali m'tulo, ndipo kachipewa kanabisa mutu." A Cornelius anayang'ana mwana wawo kumaso. "Iwe unamunyamula. Anali wotani?"

Darius anapotokola lamba uja m'manja.

"Sanali kulila kwambili," anatero. "Anali kugwila chala mwamphamvu. Makutu anali anu, adada, otambalala omwewa. Tinali kuseka na Towela kuti a hedi abwelanso. Tinali kudikila kuti mubwele na maso atsopano mudzaone mwekha."

A Cornelius anakweza dzanja n'kugwira khutu lawo. Anakhala choncho, dzanja lili kukhutu, mapewa akugwedezeka. Mwambo umati khanda sililiridwa, koma pabenchi ya polisi panalibe woletsa. Darius anaponya lamba pansi n'kukhala pambali pawo, ndipo ine ndinalowa mu ofesi n'kukankha chitseko.